Kamera isanafike, wina ayambe wapondapo

Chakumapeto kwa chaka cha 2017, magalimoto odzaza zida zojambulira kanema analowera ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Anali a Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi a ku Nigeria, pamodzi ndi gulu lawo. Anabwera kudzajambula mbiri ya William Kamkwamba, mnyamata uja amene njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa pasukulu, iye n'kukatola zitsulo zotayidwa, dayinamo ya njinga ndi mitengo ya bulugamu, n'kuimika makina oyendera mphepo amene anayatsa getsi kwawo. Filimuyo, The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka mu 2019, ndipo Netflix inaifikitsa m'mayiko ambirimbiri.

Njira yachidule inalipo. Akanatha kukajambulira ku South Africa kapena ku Kenya, kumene kuli zida, mahotela ndi anthu ozolowera ntchitoyi. Ambiri amatero. Hotel Rwanda ya 2004, mbali yake yaikulu inajambulidwa ku South Africa. Blood Diamond ya 2006, imene imakamba za nkhondo ya ku Sierra Leone, inajambulidwa ku Mozambique ndi ku South Africa. A Ejiofor anasankha dothi limene nkhaniyo inachitikirapo. Amalawi ambiri anadandaula ndi Chichewa cha alendo amene anasewera mufilimuyo, ndipo dandaulo lawo linali lomveka, koma sindinamvepo wina akunena kuti minda, fumbi, msika kapena thambo la mufilimuyo ndi zachilendo. Aliyense amene anakulira m'chigawo chapakati amazindikira kwawo akangoona.

Ngakhale atafika pamalo enieniwo, ntchito yosaka malo inali isanathe. Kuchokera pa njala ija panali patadutsa zaka zoposa 15. Nyumba ya makolo a William inali itasintha, chifukwa luso la mwana wawo yemweyo linali litaitukula, moti sikanaonekanso ngati ya banja limene likudya kamodzi patsiku. Ojambulawo anagwiritsa ntchito nyumba ina yoyandikana nayo. Ndiye kuwonjezera apo, nkhani ya mu 2001 siingakhale ndi sola padenga, nsanja ya foni kuseri kwa mitengo, njinga zamoto za kabaza pamphambano, kapena golosale yopentedwa mitundu ya makampani a foni a lero. Zonsezi pamafunika munthu woti azione kamera isanafike, n'kunena choti achotse, choti aphimbe ndi mbali yoti kamera isayang'aneko.

M'mayiko amene ntchito ya mafilimu inakhazikika, munthu ameneyu amalembedwa ntchito payekha ndipo amalipidwa. Amawerenga nkhani yonse, n'kunyamuka kukayenda, kujambula zithunzi, kufunsa eni malo, kubwerera, kenako n'kutenga wotsogolera filimu, wa kamera, wa mawu ndi wa magetsi kuti onse akaone ndi maso awo tsiku lojambula lisanakwane. Kuno kwathu, kawirikawiri ntchitoyi ilibe mwini. Wina m'gulumo amangoti, "Ine ndikudziwa malo abwino, musadandaule," n'kutumiza zithunzi ziwiri pa WhatsApp, nkhani yatha. Kusankha malo motero kuli ngati kugula mbuzi utangomva kulira kwake kuseri kwa mpanda. Ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti pa ntchito zonse za kanema, iyi ndiye yotsika mtengo kwambiri. Kamera ndi yodula, magetsi ojambulira ndi odula, koma kukwera minibasi, kukhala pamalo tsiku lathunthu ndi kulonjerana ndi eni mudzi, ngakhale gulu losauka lingakwanitse.

Malo amodzi, nkhope zambiri

Choyamba chimene wosaka malo ayenera kudzifunsa si chakuti malowa ndi okongola kapena ayi. Afunse kuti adzaoneka bwanji mwezi umene gulu lidzabwere. Mudzi umene mwauona mu Sepitembala, nyumba zili poyera, njira zikuoneka mpaka kutsidya kwa dambo, mukabwerera mu Febuluwale muupeza utamira m'chimanga chotalika kuposa munthu. Kamsewu kamene galimoto inadutsa bwinobwino kasanduka chithaphwi. Malambe amene anali mbulanda ku Mangochi ndi ku Chikwawa avala masamba. Zigafa za fodya za ku Kasungu ndi ku Mchinji zimene zinali zopanda kanthu zadzaza.

Vuto limeneli silisankha wolemera kapena wosauka. Opanga Mad Max: Fury Road anakonzekera kujambulira pafupi ndi Broken Hill ku Australia, dera louma lofanana ndi chipululu. Kunagwa mvula yambiri, chipululucho n'kumera udzu ndi maluwa, ndipo gulu lonse linasamukira ku Namibia, kumene linakajambula mu 2012. Ngati a ndalama zochuluka choncho anasamutsidwa ndi mvula, kuli bwanji mnyamata wa ku Ndirande amene wabwereka kamera kwa masiku awiri?

Pali nyengo ina imene anthu ambiri amaiyesa yabwino chifukwa kulibe mvula, koma ndi yachinyengo. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire limapsa dziko lonse, ena akusaka mbewa, ena akusosa minda. Utsi ndi fumbi zimaphimba thambo. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, mu Meyi limaoneka mwala uliwonse uli kutali; mu Okutobala ukhoza kuima pamalo omwewo n'kungoona chithunzithunzi chotuwa. Amene akufuna phiri lowala, mitsinje yodzaza ndi udzu wobiriwira popanda kunyowa, nthawi yake ndi Epulo ndi Meyi. Amene akufuna nkhope ya njala, dothi long'ambika ndi dzuwa lofiira, adikire Okutobala. Ndipo ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, miyezi yozizira ili ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu zimene zimatha kukhala masiku angapo osasuntha. Kwa wojambula nkhani ya maliro kapena ya kusungulumwa, chiperoni ndi mphatso. Kwa amene dzulo anajambula theka la chochitika padzuwa ndipo lero akufuna kumaliza theka linalo, ndi tsoka, chifukwa zithunzi ziwirizo sizidzalumikizana.

Dzuwa nalo lili ndi njira yake. Dziko lathu lili kummwera kwa mzere wapakati pa dziko lapansi, choncho mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo khonde loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi tsiku lonse. Mu Disembala limadzera chakummwera pang'ono. Chakumapeto kwa Okutobala ndiponso mu Febuluwale, ku Lilongwe dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, ndipo nkhope ya munthu imaoneka ndi maenje akuda m'malo mwa maso. Kuwala kofewa kumene ojambula amakukonda kumabwera m'mamawa ndi madzulo, koma kuno sikukhalitsa. Mu Juni dzuwa limalowa nthawi isanakwane 6 koloko, ndipo likangobisika, pakatha theka la ola mdima wagwa. Mu Novembala kumacha cha m'ma 5 koloko, kutanthauza kuti gulu limene lanyamuka m'tauni 7 koloko lafika kuwala kwabwino kutapita kale.

Oyimba athu amakonda nyanja, ndipo sindikuwanena, nyanjayo ndi yokondekadi. Koma taganizani za gulu limene lanyamuka ku Lilongwe masana, woyimba, ovina, zovala zosinthira, kulunjika ku Senga Bay kuti akajambule dzuwa likulowa m'madzi. Akafika apeza dzuwa likulowera kumbuyo kwawo, kumtunda. Gombe la Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay limayang'ana kum'mawa: kumeneko dzuwa limatuluka m'madzi, sililowamo. Wofuna kuti lilowe m'madzi apite ku Chembe, ku Cape Maclear, kapena kumbali ya kumadzulo ya chilumba cha Likoma. Ndi nkhani yoti munthu angaidziwe atangoyang'ana mapu, kapena atafunsa msodzi woyamba kukumana naye.

Msodzi yemweyo angakuuzeninso za mwera, mphepo ya kummwera imene imalimba miyezi yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, n'kuutsa mafunde oti bwato silingatuluke. Angakuuzeni kuti nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi n'kuphwera chakumapeto kwa chaka, moti mchenga umene mwauyeza mu Novembala mwina sudzakhalapo. Mu 2024 madzi anakwera koposa zaka zambiri zam'mbuyomu, anameza magombe n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja. Angakulozereninso pamene pamatulukira mvuu ndi pamene pali ng'ona, zomwe palibe chithunzi cha pafoni chingakuuzeni.

Tsekani maso, mumvetsere

Ndikanafunsidwa chimene chimaononga mafilimu ambiri a kuno, sindikanatchula kamera. Makamera a masiku ano, ngakhale a pafoni, amajambula zooneka bwino. Chimene chimatigwetsa ndi mawu. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene anthu akulankhula amazimitsa. Ndipo vuto la mawu nthawi zambiri silichokera ku maikolofoni. Limachokera ku malo amene anasankhidwa ndi maso okha.

Wosaka malo akalowa m'nyumba imene akuganiza zojambuliramo, akhale pansi, azimitse foni, atseke maso kwa mphindi khumi. Poyamba amva ngati kuli zii. Kenako zimayamba kutuluka chimodzichimodzi. Firiji ikung'ung'udza kukhitchini. Malata akuthetheka chifukwa cha kutentha. Tambala wa oyandikana nawo, amene salira m'bandakucha mokha ayi. Mwana akulira kuseri, mayi akusinja, wailesi ya pa okala. Patali pang'ono, chigayo. Chigayo chikhoza kukhala chete ola limene mwafika chifukwa magetsi azima, mawa lake n'kulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Njinga yamoto ikadutsa imatenga masekondi ambiri kuti phokoso lake lithe, ndipo pamsewu wa kabaza ikutha iyi ina yayamba. Mu Okutobala nyenje zimalira m'mitengo mosalekeza, kulira kumene khutu la munthu limazolowera n'kuiwala, koma maikolofoni saiwala.

Denga la malata liyenera kuganiziridwa palokha. Mvula ikangoyamba, ngakhale yowaza, m'nyumba yopanda siling'i simungajambulidwenso mawu. Nyumba ya udzu ilibe vuto limenelo, ndipo makoma ake a dothi samabweza mawu. Chipinda chachikulu cha matailosi ndi makoma osalala, chimene ambiri amachithamangira chifukwa chikuoneka chapamwamba, chimachititsa mawu kumveka ngati munthu akulankhulira m'chitsime.

Ndiye pali phokoso limene limayendera tsiku ndi ola. Malo amene ali phee Lachiwiri akhoza kukhala pafupi ndi tchalitchi cha zokuzira mawu chimene chimayamba Lachisanu usiku mpaka Lamulungu. Ena amapemphera Loweruka. Kumzikiti kumaitanidwa mapemphero kasanu patsiku, ndipo ndi bwino kudziwa maola ake n'kukonza zoti gulu lizipuma nthawi imeneyo. Sukulu ya pulayimale imakhala chete mpaka belu la buleki. Bala imayamba nyimbo madzulo, ndipo kumapeto kwa mwezi imayamba msanga. Malo ambiri a malonda ali ndi tsiku la msika, pamene bwalo lopanda munthu limasanduka nyanja ya anthu, kaunjika ndi zimbale zokuzira mawu. N'chifukwa chake malo ayenera kuonedwa tsiku lomwelo la sabata ndi ola lomwelo limene mudzajambule. Ndipo funso lothandiza kwambiri limapita kwa mayi wogulitsa mandasi pafupi: "Mayi, kuno kumakhala chonchi masiku onse?" Iwo ndiwo amadziwa.

Jenereta imene mwabwera nayo nokha ndi mdani winanso. Wosaka malo ayeneranso kupeza poiika, kutali ndithu, kuseri kwa khoma kapena chulu, n'kuyeza kutalika kwa waya wofunika kuti magetsi afike.

Dothi lili ndi eni ake

Apa ndiye pagona nkhani. M'Malawi mulibe malo opanda mwini. Tchire limene likuoneka lopanda ntchito ndi munda wa wina wogonera. Mtengo waukulu uja ndi bwalo la milandu. Kankhalango kowirira bwino pakati pa minda, kamene maso a wojambula amakakhumbira chifukwa ndi kokhako kamene katsala ndi mitengo yachilengedwe, nthawi zambiri ndi manda, ndipo katsala chifukwa chomwecho. M'midzi ya Achewa kumeneko n'kumenenso kumakhala dambwe. Munthu wosalowa gule sapondako, ndipo wolowako mwachisawawa, kamera ili m'manja, wapalamula mlandu umene suthera pa kupepesa pakamwa. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma zimenezo sizinachotse ulamuliro wa eni dambwe. Mufilimu ya ku Wimbe ija gule akuonekamo, pamaliro, pamalo ake oyenera. Zotere zimatheka pokhapokha mafumu atavomera.

Kalata ya kwa DC ndi yofunika, koma siilowa m'malo mwa kukaonekera kwa mfumu. Ndipo kwa mfumu sumangofika n'kuyamba kufotokoza uli chiimire. Umapeza munthu wa m'mudzimo wokuperekeza, nthawi zambiri nduna ya mfumu. Umakhala pamene wakulozera, chipewa chili m'manja. Malonje amayamba ndi eni khomo, ndipo mawu ako amadzera mwa nduna ija ngakhale mfumu ikumva yokha. "Zikomo mfumu, tabwera ndife ana anu, tili ndi kantchito kamene tikufuna tigwire m'mudzi mwanu muno." Sumapita chimanjamanja. Akatero amafunsa mafunso amene wosaka malo ayenera kukhala atakonzekera kuyankha moona: mubwera anthu angati, mukhala masiku angati, zimenezi zikaonetsedwa kuti, nanga anthu anga apindulapo chiyani? Nyakwawa ikavomera, imakuuza ngati nkhaniyo iyenera kukafikanso kwa gulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Zonsezi zimadya tsiku, mwina awiri. Safunsa anadya phula.

Wina angaone ngati ndi mwambo chabe wotayitsa nthawi. Akumbukire chaka chomwe chija cha 2017. Mu Sepitembala ndi Okutobala, mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu okwiya pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Amene ankakayikiridwa kwambiri anali alendo, anthu osadziwika oyenda ndi zikwama ndi zida zosazolowereka. Tsono wosaka malo ndi munthu wotani? Ndi mlendo amene akuzungulira mudzi, kusuzumira kuseri kwa nyumba, kujambula zitsime ndi njira, kulemba m'kabuku. Ngati mfumu sikumudziwa, palibe womuikira kumbuyo zinthu zikavuta. Kuyamba kwa mfumu ndi ulemu, komanso ndi chitetezo cha moyo wa gulu lonse.

M'tauni eni ake ndi ena, koma alipo. Msika uli ndi khonsolo, ulinso ndi komiti ya ochita malonda ndi tcheyamani wake. Depoti ili ndi oitanira amene akhoza kukuthandizani kuletsa anthu kudutsa kutsogolo kwa kamera, kapena kukulepheretsani kujambula ngakhale mphindi imodzi, malinga ndi mmene mwawafikira. Ngati m'nkhani yanu muli mfuti yoseweretsa, yunifolomu, ndewu kapena munthu wothamangitsidwa akukuwiridwa kuti wakuba, apolisi a m'deralo adziwe tsiku lisanafike, ndipo anthu ozungulira auzidwe. Tonse tikudziwa chimene chimachitikira munthu wokuwiridwa kuti wakuba m'misika yathu.

Za zilolezo za boma sindichulutsa. Nyumba za boma, malo a asilikali ndi mabwalo a ndege sajambulidwa popanda chilolezo. Kumalo osungira nyama zakutchire kuli malamulo ndi mitengo yake. Ku Majete kuyambira 2003, ndi ku Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, bungwe la African Parks ndilo likuyendetsa malowo mogwirizana ndi boma. Zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, ku Dedza, zimene zili pa malo 127 ndipo zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndi zotetezedwa ndi lamulo: sizikhudzidwa, sizithiridwa madzi kuti ziwale pa kamera. Droni nayo ili ndi malamulo a oyang'anira za ndege. Dziko lino si lachilendo ku zida zimenezi, pakuti ku Kasungu komweko boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera madroni mu 2017, koma kuulutsa droni pamwamba pa mudzi umene sunauzidwe ndi kuitana mavuto.

Msewu, magetsi ndi pokodzera

Malo akhoza kukhala abwino m'maso ndi m'makutu, eni ake n'kuvomera, koma osafikika. Livingstonia ili ndi nyumba zakale zochititsa kaso, koma wokwera kuchokera ku Chitimba adutse msewu wa Gorodi ndi makona ake okhota ngati chigongono, ndipo lole yodzaza zida iyenera kuganiziridwa kawiri. Ku Nyika kumazizira mpaka madzi kuuma m'mamawa mu Juni ndi Julayi. Ku Likoma, woyenda pa Ilala ayendere ndandanda ya sitimayo, osati yake. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu ndi milatho yambiri ya kummwera inaduka, ndipo mapiri ngati Soche anasintha nkhope; zithunzi zimene munthu anajambula chaka chapitacho zinasanduka zakale.

Magetsi a ESCOM asawerengedwe ngati alipo. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ngakhale ayake, nyumba yakale ya mawaya otha siinganyamule magetsi ojambulira. Wosaka malo atsegule bokosi la magetsi aone, ayese masoketi, afunse kumene kuli mafuta a jenereta pafupi.

Ndiye pali zinthu zimene anthu amachita nazo manyazi kuzilemba, koma ndi zimene zimasokoneza tsiku. Anthu 30 akadzithandiza kuti? Atsikana akasinthira kuti zovala? Madzi akumwa achokera kuti, nsima iphikidwa pati, mthunzi wodikirira uli kuti? Chipatala chapafupi chili pa mtunda wotani? Netiweki imagwira pena paliponse, kapena mpaka kukwera pachulu? Chimbudzi chimodzi cha banja la anthu asanu sichingalandire gulu lonse kwa sabata popanda kukambirana.

Tikuthawa chiyani kwathu?

Pali chizolowezi chimene ndikufuna nditsutsane nacho poyera. Makanema athu ambiri, a nyimbo ndi a zisudzo omwe, amajambulidwa m'malo amodzimodzi: nyumba ya mpanda ku Area 47 kapena ku Namiwawa, loji ya dziwe losambiramo, msewu wopanda maenje wa ku City Centre. Nkhani ikhale ya mphunzitsi wa pulayimale, mupeza akukhala m'nyumba ya masofa achikopa imene malipiro ake a chaka chonse sangalipire lendi ya miyezi iwiri. Woonera amadziwa kuti akunamizidwa, ndipo akasiya kukhulupirira nyumbayo amasiyanso kukhulupirira misozi ya munthu wokhalamo. Malo amalankhula munthu asanatsegule pakamwa. Kalendala yakale ya kampani ya feteleza pakhoma, nsalu yotchinga pakhomo la kuchipinda, ndowa zondandalikidwa kudikira madzi a usiku, zimenezi zimauza woonera kuti mwini nyumba ndi ndani kuposa mawu a mphindi zisanu.

Amene anachita bwino pakati pathu anadziwa zimenezi. A Shemu Joyah, amene ntchito yomwe anaphunzira ndi yoyeza malo, anaika The Last Fishing Boat ya 2012 pakati pa asodzi m'mbali mwa nyanja, pamene nsomba zikuchepa ndipo alendo okaona malo akusintha moyo wa mudzi. Nkhaniyo singachotsedwe pagombepo n'kukhalabe yomweyo. The Road to Sunrise ya 2017 anaitengera m'misewu ndi m'makwalala a Blantyre, ndipo inapambana mphoto ya Africa Magic mu 2018. Sindikukayika kuti diso la munthu wozolowera kuyenda ndi zida zoyezera, kuona kutsetsereka kwa dothi ndi kumene kwaloza kumpoto, linawathandiza. Fatsani ya Gift Sukez Sukali inapeza mphamvu zake mumsewu ndi mumsika, mmene mtsikana wamng'ono akugulitsa malonda kuti apulumuke. Kutsidya ku Uganda, Mira Nair anajambula mbali ya Queen of Katwe ya 2016 m'dera la Katwe lenilenilo, mu Kampala.

Ndipo malo amene sitinawagwiritsebe ntchito ndi ochuluka. Mandala House ya 1882 ikadalipo mu Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chikadaima. Zomba, imene inali likulu mpaka 1975, yadzaza nyumba za nthawi ya atsamunda. Ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kuli Providence Industrial Mission kumene John Chilembwe anayambira kuukira kwa 1915. Amene adzafune kujambula nkhani ya Chilembwe mokwanira adzayenda miyezi kufunafuna zigwa zopanda mapolo a magetsi ndi midzi yopanda malata, ndipo chaka chilichonse malo otero akucheperachepera. Ndi chitukuko, ndipo palibe angadandaule kuti anthu afolera nyumba zawo, koma wojambula mbiri adziwe kuti nthawi sikumudikira.

Pochoka

Kuvomera kwa pakamwa n'kwabwino mpaka tsiku limene mwini nyumba waona anthu 30, mawaya pabalaza ponse ndi bedi lake litatulutsidwa panja. Pangano lilembedwe, m'Chichewa ngati ndicho chinenero cha mwini malo: masiku angati, kuyambira ola liti mpaka liti, zipinda ziti, ndalama zingati ndipo zidzaperekedwa liti, mayunitsi a magetsi agula ndani, chikasweka chinthu alipira ndani. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, landilodi adziwe. Mwini malo auzidwenso zoona za nkhaniyo. Banja lopemphera likadzaona pa kanema nyumba yawo itasanduka ya sing'anga kapena yogoneramo mahule, pamene anauzidwa kuti ndi filimu ya chikondi, manyazi amatsala ndi iwo pakati pa anansi awo, ojambula atapita kale. Zipinda zijambulidwe zithunzi musanasunthe kanthu, kuti chilichonse chidzabwerere pamalo pake.

Za kuononga malo ojambulira, dziko lina linaphunzira mowawa. Opanga The Beach ya 2000 anasalaza mchenga ndi kubzala mitengo ya kokonati pagombe la Maya Bay ku Thailand kuti lioneke mmene iwo ankafunira, ndipo milandu yake inatenga zaka zambiri m'makhoti. Filimuyo itatchuka, alendo anakhamukirako mpaka boma linatseka gombelo mu 2018 kuti zachilengedwe zipume, n'kudzalitsegulanso mu 2022 ndi malamulo okhwima. Chembe ili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene ili m'kaundula wa UNESCO kuyambira 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna. Gulu losiya mabotolo, mapepala a zakudya ndi mafuta a jenereta pamchenga umenewo likuononga chinthu chimene si lake. Chimodzimodzi gulu lochoka m'mudzi osalipira mayi amene anaphika, kapena anyamata amene ananyamula zida: otsatira awo, ngakhale akhale oona mtima, adzapeza mfumu itaumitsa khosi.

Chimene ndingapemphe a Film Association of Malawi ndi masukulu ophunzitsa za kanema ndi chinthu chosafuna thandizo la kunja. Pakhale kaundula wa malo amene mamembala ajambulirapo, woti aliyense azitha kuwonjezeramo ndi kuwerenga. Zithunzi zikhalemo, za chilimwe ndi za dzinja, koma zisathere pamenepo. Alembemo kumene khomo layang'ana, mfumu ya deralo ndi njira yoifikira, ndalama zimene gulu lapitalo linapereka, tsiku la msika, maola a chigayo, ndi miyezi imene mtsinje wa panjira sukuwolokeka.